Mwana akuopa kugona chionereni makatuni a amphaka oyendetsa ndege yankhondo

Mayi wina wa ku Zomba walemba kuti: "Ndili ndi ana awiri aamuna, wamkulu wa zaka 11 ndipo wamng'ono wa zaka 6. Patchuthi chapitachi amalume awo anawaikira pafoni makatuni otchedwa SWAT Kats, amene iwo ankawakonda ali mnyamata. Madzulo ena anawo akuonera gawo limene muli chilombo chomeza sitima yodzaza anthu, foni inatha moto gawolo lisanathe. Papita milungu iwiri tsopano wamng'onoyo akudzuka usiku akulira, akukana kugona popanda ine, akumandifunsa ngati majeremusi angakule n'kutimeza, ndipo tsiku lina anakana kukwera minibasi. Wamkuluyo alibe mantha, koma akungokhalira kulumpha pamipando ndi kugenda mng'ono wake ndi mapilo akuti ndi mizinga. Apongozi anga akuti makatuniwa ndi ausatana. Kodi ana anga ndawawononga? Ndiwaletseretu?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima wanu ukhale m'malo chifukwa ana anu simunawawononge. Zimene mwafotokoza za wamng'onoyo ndakhala ndikuziona kawirikawiri pa ntchito yanga yophunzitsa ana aang'ono ndi kulangiza makolo, ndipo mwa ana ambiri mantha amtunduwu amazirala pakapita milungu ingapo, makamaka ngati akuluakulu a pakhomo sakumuseka mwanayo kapena kumuopseza nacho chilombocho. Komabe mantha amenewa ali ndi gwero lake, ndipo mukalidziwa mudzaona nokha pogwira. Ndiyambe ndi zimene mwanayo anaonera, pakuti ndikukhulupirira kuti inuyo munali pa ntchito zina pamene iwo anali atazungulira foniyo.

SWAT Kats: The Radical Squadron ndi makatuni a ku America amene anapangidwa ndi kampani ya Hanna-Barbera, ndipo anayamba kuonetsedwa mu Sepitembala 1993. Amene anaganiza nkhaniyi ndi anyamata awiri apachibale a ku Canada, Christian ndi Yvon Tremblay. Zonse zimachitikira mumzinda wongopeka wa Megakat City, mmene nzika zake ndi amphaka ovala zovala, oyenda ndi miyendo iwiri ndiponso ogwira ntchito ngati anthu. Ngwazi zake ndi ziwiri: Chance Furlong, wodziwika kuti T-Bone, amene amayendetsa ndege, ndi Jake Clawson, wodziwika kuti Razor, amene amapanga zida ndi kuwombera. Awiriwa anali m'gulu la asilikali oteteza mzindawo, koma anachotsedwa ntchito ndege yawo itawomba likulu la gululo pamene ankathamangitsa chigawenga chotchedwa Dark Kat. Mkulu wawo, Commander Feral, anawatumiza kukagwira ntchito pamalo otayirapo magalimoto akutha ndi zitsulo kuti alipire zimene zinawonongeka, ndipo kumeneko anatolera zitsulo zotayidwa n'kudzipangira mobisa ndege yankhondo yotchedwa Turbokat. Masana amakonza magalimoto, koma wachiwiri kwa meya, Callie Briggs, akawaitana amavala zobisa nkhope n'kuuluka kukapulumutsa mzinda.

Gawo limene mwatchulalo ndi lachiwiri, ndipo mutu wake ndi "The Giant Bacteria". Mmenemo muli chigawenga chotchedwa Morbulus, cha maso anayi, awiri kutsogolo ndi awiri kunkhongo, chimene chikuphulitsa malo oyengera mafuta. Chitagonjetsedwa n'kuthawa, chikugwa m'manja mwa Dr. Viper, wasayansi woipa mtima amene thupi lake n'losakanikirana la mphaka ndi njoka. Ameneyu akuchisandutsa bakiteriya, kapena kuti jeremusi, wamkulu wanterere amene akumeza chilichonse chimene wakumana nacho n'kumakulirakulira: mlimi ndi ng'ombe yake, kenaka sitima yoyenda pansi pa nthaka pamodzi ndi okwera. Asilikali akamuwombera sakufa ayi, akungogawikana n'kukhala angapo. Kumapeto T-Bone ndi Razor akuzindikira kuti chimene chingamuphe ndi magetsi, ndipo akuthana nazo zilombo zonsezo. Mapeto amenewa ndi amene mwana wanu sanawaone.

Makolo ambiri akamva kuti mwana waopa makatuni ankhondo amaganiza kuti chamuopsa ndi mfuti ndi mabomba, koma pa msinkhu wa zaka 6 sizikhala choncho kwenikweni. Joanne Cantor, amene anafufuza kwa zaka zambiri za mantha a ana pa yunivesite ya Wisconsin ku America, anapeza kuti ana aang'ono amaopa kwambiri chinthu chifukwa cha maonekedwe ake, ndiponso amasokonezeka akaona munthu akusandulika n'kukhala chinthu china, pamene ana okulirapo amaopa kwambiri zinthu zimene zingathe kuchitikadi, monga moto, ngozi kapena mbava. Pa kafukufuku wina iye ndi mnzake Glenn Sparks anaonetsa ana pulogalamu ya The Incredible Hulk, mmene munthu wabwinobwino amasandulika chimphona chobiriwira. Ana aang'ono kwambiri anaopa koposa munthuyo atasandulika, ngakhale kuti chimphonacho chimabwera kudzathandiza anthu, pamene ana okulirapo mtima unakhala pansi chimphonacho chitatulukira. M'gawo limene mwana wanu anaonera muli kusandulika kwa mtundu womwewu, ndipo choopsa kuposa pamenepo n'chakuti wosandulikayo sakubwereranso.

Nkhani ya kusabwereraku ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene imasiyanitsa makatuni awa ndi ena amene ana athu anazolowera. William Hanna ndi Joseph Barbera, eni dzina la kampaniyo, ndi omwenso anayambitsa Tom and Jerry mu 1940, mmene mphaka amaphwanyidwa ndi chitseko n'kukhala phwatalala, koma pakangopita kamphindi wadzuka ali bwinobwino. Mwana woonera zimenezo amaphunzira msanga kuti m'makatuni palibe amene amafa. Ndiyeno akuona gawo limene anthu wamba, amene sanalakwe kanthu koma kungokwera sitima popita kwawo, akumezedwa osaonekanso, ndipo akuluakulu a yunifolomu amene amayenera kuwateteza akungowonjezera vuto powombera. Mwana wa zaka 6 amagona mtima uli m'malo chifukwa amakhulupirira kuti akuluakulu amadziwa chochita, choncho chithunzi chosonyeza akuluakulu akulephera chimamugwedeza kuposa phokoso la mizinga. N'zosadabwitsa kuti minibasi yodzaza anthu inamukumbutsa sitima ija.

Onjezanipo dzina la chilombocho. Chikanakhala chinjoka cha mitu isanu ndi iwiri, mukanamuuza mosavuta kuti kulibe, koma mabakiteriya alipodi, ndipo mwana wanu amawamva kusukulu, pawailesi ndi pakamwa panu pomwe mukamamuuza kuti asambe m'manja poopa kolera. Akuluakulu onse amene amawakhulupirira anamuuza kale kuti majeremusi ndi oopsa ndiponso kuti ali paliponse ngakhale saoneka. Funso lake lakuti kodi angakule n'kutimeza ndi funso la mwana woganiza bwino amene akulumikiza zimene anamva ndi zimene anaona, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Nthano zathu nazonso zili ndi zilombo zomeza anthu, ndipo tonse tinazimva tili aang'ono osapenga nazo, koma agogo ankaifikitsa nthano kumapeto mwana ali pamiyendo pawo, ndipo akaona kuti wamng'ono wanjenjemera ankafewetsa mawu kapena kufulumizitsa kugonja kwa chilombocho. Foni sichita zimenezi, ndipo yanuyo inathima pamene zinthu zinali zitafika poipa kwambiri. M'mutu mwa mwana wanu chilombocho chikanali mumzinda.

Choyamba kuchita, ndiye, ndi kumumalizira nkhaniyo. Sankhani nthawi ya masana, osati pokagona, mumufunse kuti akufotokozereni zimene anaona, ndipo mumvetsere osamudula mawu kapena kuthamangira kunena kuti n'zachibwana. Akamaliza muuzeni mmene zinathera, kuti amphaka awiri aja anaganiza mofatsa, anapeza chofooka cha chilombocho, anachigonjetsa, ndipo mzinda unapulumuka. Kwa ana ambiri kumva zimenezi kuchokera kwa mayi awo n'kokwanira. Ngati iye mwini apempha kuti aone mapetowo, yambani mwaonera nokha, kenaka muonere naye masana ali pambali panu, kuyambira pamene ngwazizo zayamba kupambana, osabwereza malo a sitima aja. Ngati sakufuna, musamukakamize poganiza kuti mukumulimbitsa mtima, chifukwa kumuonetsa mokakamiza chinthu chimene akuchiopa kumangozamitsa manthawo.

Mudzafuna kumuuza kuti zonsezi si zenizeni, ndipo muuzenidi, koma musadabwe mawu amenewa akapanda kugwira ntchito. Kafukufuku wa Cantor yemweyo anasonyeza kuti kufotokozera kotere kumathandiza ana okulirapo, pamene aang'ono amathandizidwa kwambiri ndi kukumbatiridwa, kukhala pafupi ndi munthu wamkulu ndiponso kuchita kanthu ndi manja awo. Njira imene ndimaikonda ndi iyi. Tengani kope lakale, pakona ya tsamba lililonse mujambule kampira, kalikonse kokulirapo pang'ono kuposa ka tsamba lapitalo, kenaka muthamangitse masambawo ndi chala chachikulu. Mwanayo adzaona kampirako kakukula pamaso pake, ndipo mukathamangitsa chobwerera adzakaona kakuchepa mpaka kutha. Mupatseni pensulo kuti akaike maso anayi, ndipo mumuuze kuti chilombo chija chinapangidwa chimodzimodzi, ndi anthu okhala pamadesiki amene anajambula zithunzi zambirimbiri. Mwana amene wakulitsa ndi kuchepetsa chilombo ndi chala chake amachiona mwa mtundu wina.

Za majeremusi muuzeni zoona zake mwachidule. Mabakiteriya ndi aang'ono kwambiri moti ambiri mwa iwo, mutawandandalika 1,000 pamzere, angatalike milimita imodzi kapena ziwiri zokha. N'zoona kuti amachulukana pogawikana pawiri, ndipo pamenepa olemba gawolo anatengera sayansi, koma aliyense akafika pa msinkhu wake amagawikana m'malo mopitiriza kukula, kotero sangakule mpaka kumeza munthu. Amene amadwalitsa anthu timathana nawo ndi sopo, madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndi mankhwala a kuchipatala. Pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachiiwale pomufotokozera mapeto aja. Popeza chilombocho chikuphedwa ndi magetsi, muuzeni momveka bwino, pamodzi ndi mkulu wake, kuti zimenezo n'za m'katuni basi, ndipo kuti soketi ndi mawaya amagetsi sizoseweretsa. Ana a msinkhu umenewu amayesa zimene aona, ndipo pa zonse za m'gawoli ngozi yeniyeni ili pamenepa.

Usiku musinthe zinthu pang'ono chabe. Foni izimitsidwe ola lathunthu asanagone, kanyale ka sola kakhale koyaka ngati mdima ukumuvuta, ndipo akadzuka akulira pitani mukakhale naye mpaka mtima utsike, kenaka agonenso pamalo pake. Masiku oyamba mukhoza kukhala pambali pake mpaka tulo timutenge, kenaka muzisunthira chakukhomo pang'onopang'ono. Za minibasi musazengereze nthawi yaitali, chifukwa mwana akapewa chinthu chimene akuchiopa amapeza mpumulo wa kanthawi, ndipo mpumulo umenewo umamutsimikizira kuti chinthucho chinalidi choopsa. Mutengeni pa ulendo waufupi masana, akhale pawindo pafupi ndi inu, ndipo kumene mukupitako kukhale kosangalatsa. Muwapemphenso onse a pakhomo kuti pasapezeke womuuza kuti akapanda kudya kapena kugona chilombo chija chibwera.

Kodi apitirize kuonera? Wamng'onoyo ayi, adikire kaye zaka ziwiri kapena zitatu. Pamene makatuniwa ankapangidwa, ku America kunalibe zizindikiro zosonyeza msinkhu woyenera pa mapulogalamu a pa TV, pakuti zimenezo zinayamba mu 1997, ndipo ngakhale kwawo komweko nkhanza za mu SWAT Kats zinadandaulitsa akuluakulu. Makatuniwa anatha pasanathe n'komwe zaka ziwiri chiyambireni kuonetsedwa ngakhale kuti ankakondedwa kwambiri, ndipo chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti Ted Turner, amene kampani yake inagula Hanna-Barbera mu 1991, sankasangalala ndi kuchuluka kwa ziwawa mmenemo. Magawo enanso ali ndi zoopsa zofanana, monga loyamba lenilenilo mmene mfiti yakalekale yotchedwa Pastmaster, ya nkhope ngati chigaza, ikutulutsidwa m'bokosi lake ndi akuba a kumanda. Amalume akewo sanalakwe mwadala, chifukwa munthu amakumbukira ndege ndi nyimbo yoyambira n'kuiwala mmene zina zinalili zoopsa, komanso mwina iwo anaonera ali okulirapo.

Za wamkuluyo nkhawa yanga ndi yochepa. Kuti ana amatsanzira zimene aona pakanema n'zodziwika kuyambira kale, ndipo n'zoseketsa kuti m'kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi munalinso mphaka. Mu 1963 Albert Bandura ndi anzake awiri pa yunivesite ya Stanford anagawa m'magulu ana 96 a sukulu ya mkaka. Ena anaona munthu wamkulu akumenya chidole chopopa pamaso pawo, ena anaona zomwezo pafilimu, ena anaona filimu yokonzedwa ngati katuni mmene womenyayo anavala ngati mphaka wakuda, ndipo ena sanaonetsedwe kanthu. Atawalowetsa m'chipinda mmene munali chidolecho, ana amene anaonera kumenya, kuphatikizapo a gulu la mphaka lija, anachita zaukali zambiri kuposa amene sanaonere. Koma kumbukirani kuti anawo anali osakwana zaka 6, anayesedwa nthawi yomweyo atangoonera, ndipo chidolecho chinali chopangidwira kumenyedwa. Kafukufukuyu akutiuza kuti ana amatsanzira, koma sakunena kuti mnyamata woponya mapilo adzakula wankhanza.

Chofunika ndi kuyang'anitsitsa maseweredwe ake. Pa masewera enieni onse awiri amaseka, amasinthana kukhala wothamangitsa ndi wothawa, wamkulu amachepetsa mphamvu dala, ndipo akamaliza amakhalabe limodzi. Ngati mmodzi yekha ndi amene akuseka pamene winayo akulira kapena kubisala, amenewo salinso masewera. M'kalata yanu ndikuonamo kachizindikiro kameneka, chifukwa mng'ono wake ali kale ndi mantha ndipo mizinga ya mapiloyo ikhoza kumamukumbutsa gawo lija tsiku ndi tsiku. Khalani naye pansi payekha, osati momukalipira, mumuuze kuti mng'ono wake akuvutika ndipo mukufuna akuthandizeni. Muikireni malamulo ochepa omveka: kulumpha kuchitikire panja, munthu asagendedwe kumaso, ndipo wina akanena kuti basi, zithere pomwepo. Akhoza kupitiriza kuonera magawo amene inu mwayamba mwawaona, pa nthawi yoikika ndiponso mng'ono wake kulibe. Ndingamukokerenso ku mbali ina ya nkhaniyo imene ana ambiri a msinkhu wake amaikonda akaizindikira, yakuti ngwazizo ndi amakaniko amene anapanga ndege ndi zotayidwa. Mawaya akale a mpanda, zitsekero za mabotolo ndi makatoni zikhoza kumutangwanitsa masana onse, ndipo mng'ono wake akathandiza nawo kupanga ndegeyo amakhala ku mbali ya opulumutsa m'malo mwa omezedwa.

Apongozi anu muwayankhe mwaulemu, chifukwa aona chinthu choona, chakuti mdzukulu wawo wasautsidwa ndi zimene anaonera. Mukhoza kugwirizana nawo kuti makatuniwa sanali oyenera mwana wamng'ono ndipo mwawachotsa. Chimene ndingapemphe n'chakuti nkhani ya usatana kapena ya ufiti isakambidwe mwanayo akumva, chifukwa akamva agogo ake akunena kuti m'foni munali mizimu yoipa, adzatsimikiza kuti chilombocho n'chenicheni ndipo chalowa m'nyumba. Ngati pabanja panu mumapemphera pogona, pemphero lachidule lothokoza ndi lopempha tulo tabwino limamukhazika mtima pansi kuposa lotchula ziwanda.

Tsopano za nthawi yofunafuna thandizo. Maloto oopsa wamba amabwera kwambiri chakum'bandakucha, mwana amadzuka n'kukuzindikirani, ndipo amatha kufotokoza zimene walota. Pali mtundu wina umene umachitika maola oyambirira a tulo, mwana akukuwa maso ali tong'o koma osakuzindikirani, ndipo m'mawa sakumbukira kanthu. Umenewu nthawi zambiri sukhudzana ndi zimene waonera, ndipo chochita ndi kungomuteteza kuti asadzipweteke osayesa kumudzutsa, koma ukamachitika pafupipafupi auzeni a chipatala. Usiku uliwonse umene wadzuka akulira mugwireni pamphumi, ndipo ngati thupi latentha pitani mukamuyezetse malungo mosachedwa, chifukwa kutentha thupi nakonso kumabweretsa maloto oipa ndi kubwebweta, ndipo si bwino kuti makatuni abise matenda. Akakomoka, kuuma thupi kapena kugwedezeka mosadziletsa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngati mwachita zimene ndafotokozazi koma pakutha pa mwezi manthawo sakuchepa, kapena akufalikira ku zinthu zina mpaka mwana kukana sukulu, kukana chakudya poopa majeremusi, kusamba m'manja mobwerezabwereza mpaka khungu kuuma, kapena kuyambiranso kukodza pogona atasiya kalekale, kaonaneni ndi dokotala pachipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kwa anamwino kapena alangizi oona za maganizo, amene amapezeka m'zipatala za maboma. Funsaninso aphunzitsi ake ngati aona kusintha m'kalasi. Nthawi zina mwana amakamba za chilombo cha pakanema chifukwa n'chosavuta kuchitchula kusiyana ndi chimene chikumusautsa kwenikweni, monga mnzake womuvutitsa kusukulu, maliro a posachedwapa, mikangano ya pakhomo kapena munthu wamkulu amene akumuchita zosayenera. Mukaona kuti akuopa munthu wina wake kapena malo ena ake, kapena akakuuzani chinthu chokudetsani nkhawa, mukhulupirireni, musamufunse mafunso omupanikiza, ndipo imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116 kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu tsiku lomwelo.